Boma liwerenge maliro a Lilongwe dera ndi dera

Lilongwe ndi mzinda umene unamangidwa mogawidwa ndi manambala, ndipo pafupifupi chilichonse chimene boma lifuna kwa nzika zake chimatsata manambala amenewa: khonsolo imatolera msonkho wa malo potengera dera, mabungwe a Lilongwe Water Board ndi ESCOM amadziwa pamene pali mita iliyonse, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la MEC limatha kulengeza zotsatira za malo aliwonse oponyera voti. Chimene sichiwerengedwa dera ndi dera ndi imfa. Malipoti a boma amapereka zaka zimene Mmalawi akuyembekezeka kukhala ndi moyo ngati nambala imodzi ya dziko lonse, mwina n'kuigawa pakati pa amuna ndi akazi kapena pakati pa zigawo, koma sanena kuti mwana wobadwira ku Area 11 ndi mnzake wobadwira ku Kauma, malo amene antchito amayenda wapansi kuchoka kwina kufika kwinako m'mawa uliwonse, adzasiyana zaka zingati. Kusawerenga kumeneku kuli ndi amene kumawapindulira, chifukwa kumapatsa olamulira mpata wonyadira nambala ya dziko lonse popanda kufunsidwa za maliro a mbali imodzi ya mzinda.

Akatswiri a chiwerengero cha anthu akamanena za zaka zoyembekezeka kukhala ndi moyo satanthauza msinkhu umene nkhalamba zambiri zimamwalirirapo, koma amatenga kuchuluka kwa imfa pa msinkhu uliwonse m'chaka chimodzi n'kuwerengera zaka zimene khanda lobadwa chaka chimenecho lingakhale ndi moyo zinthu zitapanda kusintha. N'chifukwa chake imfa ya mwana wa zaka ziwiri imatsitsa nambalayi kwambiri kuposa imfa ya munthu wa zaka 70, ndipo dera limene ana ambiri amafa ndi matenda otsegula m'mimba limakhala ndi nambala yotsika ngakhale mutakhala agogo ambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene Edzi inali pachimake, nambala ya Malawi inali pafupifupi zaka 45, koma mankhwala a ARV atayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004 inayamba kukwera, ndipo lero inapitirira 60. Imfa za ana osafika zaka zisanu zinatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, malinga ndi kafukufuku wa 1992, kufika pa 63 mu kafukufuku wa 2015-16. Palibe amene angatsutse kuti dziko linachita chamuna pamenepa. Vuto ndi lakuti nambala yoimira onse imaphatikiza amene akwera kwambiri ndi amene atsalira, ndipo siuza munthu aliyense kuti otsalirawo amagona kuti.

Kafukufuku wa 2015-16 uja, amene anachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, anagawa mabanja m'magulu asanu potengera katundu ndi nyumba zawo, ndipo anapeza kuti ana 46 mwa 100 alionse a m'mabanja osaukitsitsa anali opinimbira, kutanthauza aafupi poyerekeza ndi msinkhu wawo chifukwa chosowa chakudya choyenera komanso kudwaladwala kwa nthawi yaitali, pamene m'mabanja a gulu lapamwamba anali 24. Imfa za ana nazonso zinali zambiri m'mabanja osauka. Komabe kagawidwe kameneka kamabisa Lilongwe weniweni pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mawu akuti "m'tauni" amaika Area 10 ndi Mgona m'thumba limodzi. Chachiwiri, popeza umphawi wakumudzi ndi waukulu, banja lokhala m'nyumba yofoleredwa ndi malata, ya simenti pansi, lokhala ndi wailesi ndi foni, limakwera msanga pamndandandawu, motero anthu ambiri a m'mizinda amagwera m'gulu lapamwamba, ndipo mlonda wochita lendi chipinda chimodzi ku Mtsiriza angathe kuwerengedwa pamodzi ndi bwana amene amamulondera.

Kumene mizinda inawerengedwa dera ndi dera, zotsatira zake zinachititsa manyazi olamulira. Mu 2000 bungwe la African Population and Health Research Center linachita kafukufuku m'madera othithikana a mzinda wa Nairobi, ndipo linapeza kuti ana 151 mwa 1,000 ankamwalira asanafike zaka zisanu, pamene nambala ya mzinda wonse inali 62 ndipo ya midzi ya ku Kenya inali 113, zimene zikutanthauza kuti mwana wa m'makwalala a likulu anali pachiopsezo chachikulu kuposa mwana wakumudzi. Lipoti la 2008 la komiti ya World Health Organization, imene anatsogolera Michael Marmot, linasonyeza kuti mwamuna wa ku Calton mumzinda wa Glasgow ankayembekezeka kukhala zaka 54, pamene wa ku Lenzie, mtunda wa makilomita ochepa chabe, ankayembekezeka kukhala zaka 82, ndipo izi zinali m'dziko limene chipatala ndi chaulere kwa aliyense. Ngati ku Scotland kusiyana kunafika zaka 28, palibe chifukwa choganizira kuti Lilongwe, kumene ena amathirira kapinga ndi madzi akumpopi pamene ena amatunga pachitsime chosatetezedwa, anapulumuka.

Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inalembedwa pamapulani. M'nthawi ya atsamunda Lilongwe anali ndi zipatala ziwiri, Top Hospital ya azungu kumtunda ndi Bottom Hospital ya anthu akuda kumunsi, imene lero ndi chipatala cha Bwaila ku Old Town. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange likulu latsopano, mothandizidwa ndi ngongole komanso akatswiri a mapulani ochokera ku South Africa ya tsankho, mzinda unajambulidwa mwakuti madera a nyumba zotalikirana, monga Area 10, 11, 12 ndi 43, akhale pafupi ndi Capital Hill ndi City Centre, pamene anthu wamba anapatsidwa maploti ang'onoang'ono kutali, monga ku Area 25 ndi ku Chilinde. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, anthu anapitiriza kubwera mochuluka kuposa maploti amene ankaperekedwa, ndipo amene anasowa malo anakagula kwa mafumu m'midzi ya m'mphepete mwa madera a olemera, kumene kunali ntchito. Umo ndi mmene Kauma anakulira pafupi ndi Area 12, ndi Mtandire pafupi ndi Area 47. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu, ndipo bungwe la UN-Habitat linalemba kale mu 2011 kuti anthu pafupifupi 76 mwa 100 alionse a mu Lilongwe amakhala m'madera osatsata mapulani. Choncho amene amatchedwa a m'mphepete ndiwo eni mzinda ochuluka, ndipo okhala m'mipanda ya njerwa ndi kagulu kochepa.

Area 11 ndi malo abwino oonerapo nkhaniyi, chifukwa muli nyumba za mabwalo aakulu ndi mitengo yamthunzi, muli misewu ya phula, ndiponso muli hotela ya Capital, imodzi mwa malo amene misonkhano yokambirana za umphawi ndi zaumoyo imachitikira. Nyumba ya Malamulo ndi likulu la Unduna wa Zaumoyo zili pafupi pomwepo. Alonda, ophika, olera ana ndi osamalira maluwa a m'derali, amene ena amagona m'kanyumba kakumbuyo ndipo ena amabwerera kwawo dzuwa likamalowa, amatsuka matayilosi ndi madzi oyera masana n'kukafola pamzere wa madzi usiku. Amene amakonza ndondomeko za dziko amawadziwa anthuwa ndi mayina awo, amapereka chipepeso maliro akawagwera, mwina n'kubwereketsa galimoto yonyamula bokosi, koma kuchuluka kwa zipepesozo sikunasandukepo funso la m'Nyumba ya Malamulo.

Njira yaikulu imene dera limafupikitsira moyo wa munthu ndi madzi ndi zimbudzi. Madzi a mzinda amachokera kumadamu awiri a Kamuzu pamtsinje wa Lilongwe, ndipo amafika m'nyumba za madera a mapulani kudzera m'mipope, pamene ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Mgona ndi ku Kauma mabanja ambiri amagula pakiyosiki, ndiko kuti malo ogulitsira madzi a Water Board pa ndowa kapena pa chigubu. Madzi akasiya kutuluka, kapena ndalama ya tsikulo ikathera ufa ndi makala, mayi amapita kuchitsime chokumba pamanja kapena kumtsinje, ndipo pamalo pamene nyumba zinathithikana chitsimecho sichingatalikirane ndi chimbudzi chokumba, mwakuti mvula ikagwa zonyansa zimadutsa m'nthaka n'kulowa m'madzi akumwa. Mipope ya suweji imafika kwa anthu ochepa kwambiri a mumzindawu, ndipo chopweteka n'chakuti malo aakulu osefera zonyansa za m'mipopeyo ali ku Kauma, kumene mabanja ambiri amagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, nthawi zina chimodzi pa mabanja angapo a lendi. Derali limalandira zonyansa za mzinda popanda kulandira chithandizo chimene mipopeyo imapereka kwa ena.

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unaonetsa poyera zimene kafukufuku sanawerenge. Unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, mphepo yamkuntho ya Ana itadutsa, unafalikira m'maboma onse, ndipo unadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, zimene sizinaonekepo m'mbiri ya dziko lino. Lilongwe anali pakati pa maboma amene anataya anthu ambiri zedi, sukulu za mumzindawu ndi za ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, ndipo pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera ankakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera mu Febuluwale chaka chomwecho, mwambowo unachitikira ku Mgona. Palibe amene anaganiza zokauchitira ku Area 11, chifukwa akuluakulu onse ankadziwa kumene nthendayo inkapha. Kolera sapha munthu amene ali ndi madzi aukhondo ndi chimbudzi chabwino, ndipo amene wadwala amachira akalandira msanga thanzi ORS kapena madzi a m'diripi. Imfa iliyonse ya kolera mulikulu la dziko ndi umboni wa mpope umene sunaikidwe.

Pankhani ya zipatala, dokotala wina wa ku Britain, Julian Tudor Hart, analemba mu 1971 kuti chithandizo chabwino chamankhwala chimapezeka chochepa kumene chikufunika kwambiri, makamaka kumene ndalama ndizo zikulamulira, ndipo Lilongwe akutsimikiza zimenezi tsiku ndi tsiku. Zipatala za boma ndi zaulere pa dzina, koma wodwala wa ku Senti kapena ku Area 36 amalipira minibasi kapena kabaza, amataya ganyu ya tsikulo pamzere wa kuchipatala cha ku Area 25, ku Kawale, ku Area 18 kapena ku Bwaila, ndipo kawirikawiri amatuluka ndi kapepala kakuti akagule mankhwala kufamase. Mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni ulibe chipatala chachikulu cha boma la Lilongwe chokhala ndi nthambi zonse, motero Kamuzu Central Hospital, imene inatsegulidwa mu 1977 kuti izilandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chapakati, imasenzanso katundu wa mzinda. Wokhala ku Area 11 amene ali ndi khadi la MASM kapena la kampani ina ya inshulansi amaonana ndi dokotala tsiku lomwelo kuchipatala cholipira, ndipo zikavuta amakwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa. Kusiyanaku kumakula kwambiri pa matenda a kuthamanga kwa magazi ndi shuga, amene ena amawatcha a anthu olemera molakwika: kafukufuku wa bungwe la MEIRU ku Area 25 ndi ku Karonga anasonyeza kuti matendawa ndi ofala pakati pa anthu wamba ndipo ambiri sadziwa kuti ali nawo. Olemera amawapeza msanga n'kumamwa mapilitsi zaka makumi awiri, pamene osauka amawadziwira pabedi lachipatala atafa kale ziwalo.

Pali zinanso zimene zimadya zaka mwakachetechete: utsi wa mbaula m'chipinda chopanda mawindo okwanira, chifuwa chachikulu chimene chimafala mosavuta pamene anthu asanu agona malo amodzi, ngozi zapamsewu zimene zimapha kwambiri oyenda pansi ndi okwera njinga, ndiponso madzi osefukira, monga aja a mtsinje wa Lingadzi amene anakokolola nyumba ku Mtandire mu Febuluwale 2017. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, banja limene limagula ufa wa tsiku limodzi ndilo linayamba kudumpha chakudya, ndipo mwana wopinimbira lero ndiye wamkulu wodwaladwala wa mawa.

Otsutsa ali ndi mayankho awiri. Loyamba ndi lakuti anthu a m'maderawa anadzichititsa okha pomanga mosatsata malamulo, pokhala mwauve ndi pomwa kachasu. Yankho limeneli limaiwala kuti munthu samanga m'dambo ali ndi ploti kumtunda, kuti boma ndi khonsolo akhala akulephera kupereka maploti otsika mtengo kwa zaka zambiri, ndi kuti kusamba m'manja ndi sopo, kumene alangizi a zaumoyo amalalikira, kumafuna madzi amene akugulidwa pa ndowa. Ukhondo wa ku Area 11 sunachokere ku khalidwe labwino la okhalamo, unachokera ku mipope ndi misewu imene inamangidwa ndi ndalama za dziko lonse. Yankho lachiwiri ndi lakuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse a m'dziko muno amakhala kumudzi, kumene zipatala zili kutali kwambiri, ndipo ndalama zochepa zimene zilipo ziyenera kupita kumeneko. Izi zili ndi choonadi, koma zimaganiza kuti wosauka wa m'tauni ali bwino pongokhala pafupi ndi chipatala, chimene ndi chinthu chomwe kafukufuku wa ku Nairobi anachitsutsa, ndiponso chimene sichingatsimikizike ku Lilongwe popanda kuwerenga. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo n'zosamveka kuitanira anthu kutauni kwinaku osafuna kudziwa mmene akufera akafikako.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 sanasiye nkhaniyi ku chifundo cha olamulira, pakuti ndime 16 imateteza ufulu wokhala ndi moyo, ndime 20 imaletsa tsankho, ndipo ndime 30 imalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wopeza chithandizo chamankhwala, chakudya, pokhala ndi zomangamanga zofunika. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma Malawi nthawi zambiri sanafike pamenepo, ndipo gawo lalikulu la ndalama zaumoyo limachokera kwa abwenzi akunja, amene angathe kutseka dzanja nthawi iliyonse monga mmene dziko la America linachitira kumayambiriro kwa 2025. Komatu ndalama zokulitsira msewu wa Kenyatta ndi zomangira mlatho wodutsana wa ku Area 18 zinapezeka. Misewuyo ndi yofunika, koma imasonyeza kuti vuto limene limakhudza a galimoto limapeza yankho msanga kuposa vuto limene limakhudza a ndowa.

Liwiro limene boma limachitira zinthu limatengeranso amene wamwalira. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid-19 tsiku limodzi, ndipo nthawi yomweyo dziko linalengezedwa kuti lili pangozi. Kolera anayamba mu Malichi 2022, koma kulengeza kuti ndi vuto ladzidzidzi la zaumoyo kunadikira mpaka Disembala, anthu mazana atapita kale kumanda. Okhala m'mipanda angachite bwino kukumbukira kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, pakuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika atagwa ndi mtima pa 5 Epulo 2012 anathamangira naye ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chomwecho chimene chimalandira odwala a ku Mtandire, chifukwa pa matenda adzidzidzi ndege ya ku Johannesburg imachedwa.

Kuwerenga imfa dera ndi dera si ntchito yoposa mphamvu za dziko lino. Lamulo la kalembera wa nzika, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti kubadwa ndi kumwalira kulikonse kulembedwe, ndipo bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yochepa mu 2017 pamene ziphaso zaunzika zinkafunika chisankho cha 2019 chisanafike. Komanso ku Malawi kulibe maliro amene amachitika mobisa: mfumu kapena mkulu wa dera amauzidwa uthenga, adzukulu amakumba manda, mpingo kapena mzikiti umayendetsa mwambo, ndipo mlangizi wa zaumoyo amadziwa nyumba zimene amayendera. Kwa amene amwalira kunyumba ilipo njira yofunsa achibale mafunso okonzedwa bwino okhudza mmene malemu anadwalira kuti chimene chinawapha chidziwike, ndipo njirayi yakhala ikugwiritsidwa ntchito ku Chilumba m'boma la Karonga kuyambira 2002. Ngati zinatheka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kumpoto, palibe chimene chingalepheretse ku Kauma, kumene munthu amaona magetsi a City Centre usiku.

Choyenera kuchitika n'chodziwika. Unduna wa Zaumoyo, National Registration Bureau, National Statistical Office ndi khonsolo ya mzinda wa Lilongwe alembe imfa iliyonse pamodzi ndi msinkhu wa malemu, dera limene ankakhala ndi chimene chinawapha, ndipo chaka chilichonse asindikize ziwerengerozo Area ndi Area, pamodzi ndi chiwerengero cha nyumba zolumikizidwa ku madzi ndi maola amene madziwo amatuluka. Kalembera wotsatira ndi kafukufuku wa zaumoyo asiye kuphatikiza madera osatsata mapulani ndi madera a mipanda pansi pa dzina limodzi. Ndalama za madzi, zimbudzi, ngalande ndi zipatala zing'onozing'ono zigawidwe motsata ziwerengerozo, kuyambira kumene ana akufa kwambiri. Aphungu a madera a mumzinda wa Lilongwe ndi makhansala awo ali ndi mphamvu yofunsa zimenezi pa mkumano wotsatira wa bajeti, ndipo ovota a ku Kauma, ku Mgona, ku Chinsapo ndi ku Mtandire, amene ndi ochuluka kuposa a madera onse a mipanda ataphatikizidwa, asapereke voti kwa aliyense amene akana kuwerenga maliro awo.